Lole Yomwe Inabweretsa Amalume Sajeni

Amalume anga, amene mudzi wonse unkawaitana kuti a Sajeni, anali ndi mawu amodzi omwe ankanena chaka ndi chaka akabwera kudzadya Khirisimasi. Kwathu kufupi ndi Kabudula tili ndi gulu la maliro, khomo lililonse limasonkha kandalama ndi mbale ya ufa kuti tsiku la tsoka pasadzakhale manyazi. Osonkhetsawo akafika pakhonde la amayi n'kuwapeza amalume akupukuta majombo awo, iwo ankangoseka. "Ine musandiwerengere. Maliro anga ndi a boma. Kudzabwera magalimoto a asilikali pano, mudzatseka makutu ndi kulira kwa mfuti." Tonse tinakhulupirira, ndi ine ndemwe. Munthu woti analondera njanji ku Mozambique nthawi ya nkhondo, n'kubwerako ndi chipsera chachikulu ngati chikhatho paphewa, tikanamutsutsa ndife yani?

Atapuma usilikali sanakhazikike kumudzi. Anakalowa ntchito ya ulonda ku Blantyre, n'kumakhala m'kachipinda ka lendi ku Bangwe. Akazi awo anatsogola kalekale, ndipo mwana sanasiye.

Ine ndine Nabanda, mwana wa mlongo wawo, ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Nsaru. Foni inandipeza ndikuyala majuzi pansi, m'mwezi wozizira wa Juni. Woimbayo anati ndi a Makwinja, mlonda mnzawo wa amalume. Anati a Sajeni anagwa ali pageti, anthu anathamangira nawo kuchipatala, koma sanadzukenso. Ndinakhala pansi pamajuzi pomwepo, makasitomala akundiyang'ana.

Amayi ndinawapeza akusenda mtedza. Maso awo anachita ng'ala, amangoona zinthu ngati mithunzi. Atalira mpaka mawu kusasa, anandigwira dzanja.

"Pita ukamutenge. Agone pafupi ndi amayi athu. Paja patsala malo amodzi okha, pakati pa manda a agogo ako ndi chulu chija. Ndipo mukamawoloka mitsinje uzimuuza, asatsalire m'njira."

Ndinatenga mpamba wanga wonse wa kaunjika, osati poganiza kuti ndikaudya, koma kungoti munthu suyenda chimanjamanja. Mumtima ndinkati yanga ndi thiransipoti yopitira basi, pobwerera ndikhala kutsogolo kwa galimoto ya boma ngati bwana.

Minibasi ya pa Nsaru inatenga nthawi yake kudzaza, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi pomwe mipando iwiri inali mbee. Ku Lilongwe ndinakwera basi yaikulu ya ku Blantyre, ndipo pambali panga panakhala mayi wina wa dengu la nsomba zouma yemwe anandifotokozera matenda ake onse kuyambira ku Nathenje mpaka ku Lunzu. Sindinamve ndi limodzi lomwe. A Makwinja anandichingamira pa depoti, bambo wamfupi wa imvi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana.

M'mawa mwake tinapita ku ofesi yoona za asilikali opuma, yomwe amalume ankakonda kuitchula. Bambo amene tinamupeza anatilandira bwino, sindinganame, anatipatsa mipando n'kupepesa maliro. Kenako anafotokoza kuti thandizo limakhalapo, koma limayenda njira zake, ndipo lingatenge masabata. Za magalimoto ndi mfuti anati sizichitikira aliyense amene anapuma kalekale chonchi.

"Ndiye mtembo udikire masabatawo uli kuti, bambo?" ndinafunsa, mawu atakwera kale. "Pamene ankagona m'tchire kulondera njanji, ankati adikire masabata?"

A Makwinja anandikoka chitenje. Bamboyo anangoweramitsa mutu, nanenso ndinaona kuti ndikukalipira munthu wosalakwa. Tinatuluka. Panja ndinalira kulira kwina, kosiyana ndi kwa pamsika kuja, chifukwa apa ndinali nditazindikira kuti boma limene amalume ankanena lija ndine.

Alandilodi a amalume anandilangiza mwachifundo kuti tingowaika kumanda a m'tauni momwemo, n'zotchipa, mawa lomwe zatha. Ndinawathokoza, koma ndinawauza kuti amayi anga sangamve zimenezo ndili moyo. Tinayenda m'mashedi a akalipentala, mabokosi ali ndandanda m'mbali mwa msewu ngati akugulitsa mipando. Okongola aja, a zogwirira zonyezimira, ndinkangowadutsa osafunsa n'komwe. Tinatenga la paini, lopanda vanishi, mkati atakhomamo kansalu koyera. Alonda anzawo anasonkha zomwe akanatha, zina za chitsulo, ndipo a Makwinja anabwera nazo atamanga m'kampango. Kuwonjeza za kumochale, mankhwala a mtembo ndi zikalata, mpamba wanga unatsala wongokwana kugula mandasi.

Ya galimoto inali isanapezeke. Onse amene ndinawafunsa ankatchula mtengo woti ngakhale nditagulitsa nyumba sindikanaufika. Apo m'pamene ndinakumbukira a Saidi, mwini golosale ndi chigayo pa Nsaru, amene lole yawo imabweretsa mtedza ku Limbe n'kubwerera yopanda kanthu. Ndinawaimbira.

"Pepani ndi maliro, mayi Nabanda," anatero. "Lole ili komweko, inyamuka mawa. Ine sindikulipiritsani. Koma dizilo wobwerera dalaivala wanga Lakisoni amamupeza ndi matola m'njira, ndiye mupirire naye."

Madzulo amenewo ndinaimbira mlongo wanga Tobiyasi, amene anatsala ndi amayi kumudzi. Ndinamuuza momveka, mawu amodziamodzi ngati ndikuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Kulibe asilikali. Tikubwera pa lole. Uwauze amayi, uwauze akuluakulu, ndipo adzukulu asagwire khasu mpaka titafika. Iye anati, "Ndamva, achemwali." Ndinamufunsanso kuti wamvadi eti, iye n'kubwereza kuti wamva.

Tinanyamuka kumochale kutangocha, kukuwaza kamvula ka chiperoni. Amalume tinawaveka majombo awo aja, chipewa cha usilikali tinachiika pachifuwa. A Makwinja anabwera atavala yunifolomu yawo ya ulonda, yabuluu, yosita bwino, mabatani ali ngwee. Anali atapempha tchuthi chomwe ankadziwa kuti adzawadula pamalipiro. Lakisoni, dalaivala, mnyamata wa pakamwa posapuma, anawauza kuti akhale kutsogolo.

"Ayi, mwanawe," anatero a Makwinja. "Talondera limodzi zaka zambiri ndi bamboyu, usiku wozizira kuposa lero. Ndikhala naye konkuno."

Nanenso ndinakwera kumbuyo. Pofuna kuteteza bokosi kumvula, Lakisoni anatulutsa ziguduli zakale zomwe amamangira mabelo a fodya nyengo ya msika, tinafunditsa bokosi lonse n'kumanga ndi chingwe. Tinathyola nthambi zamasamba n'kuzimangirira kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole, kuti aliyense wotiona adziwe kuti tanyamula maliro.

Pa Lunzu Lakisoni anaima pomwe panali anthu ambiri odikira galimoto. Anthu ankathamangira lole, akaona masamba n'kubwerera m'mbuyo. Iye anatsika, anazungulira, kenako ndinamuona akumasula nthambi za kutsogolo.

"Iwe, ukutani?"

"Amayi, ndi masambawa sitipeza munthu. Tingochotsa pang'ono, tikabwezeretsa ku Lilongwe."

"Ndiye amalume anga ayende mobisa ngati makala ozembetsa? Bwezera! Bwezera msanga ndisanatsike!"

"Nanga dizilo mugula ndinu?"

Funsolo linandibaya, koma masambawo anabwerera pamalo pake. Lakisoni anakwera akung'ung'udza, anamenyetsa chitseko, ndipo tinachoka pa Lunzu opanda wokwera ndi mmodzi yemwe.

Pa Zalewa wapolisi anayang'ana zikalata, anasuzumira kumbuyo, anavula chipewa n'kutiuza kuti tiyende bwino. Tikukwera pamlatho ndinaika dzanja pa chiguduli. "Amalume, tikuwoloka Shire tsopano. Tiyeni, tikupita kwathu." Ndinkaganiza kuti ndichita manyazi kulankhula ndi bokosi pamaso pa mlendo, koma a Makwinja anangowonjezera, "Mwamva, Sajeni? Musatsalire."

Foni inalira tikudutsa pa Phalula. Anali Tobiyasi, mawu ake ngati a munthu amene waswa mtsuko.

"Achemwali, muli pati? Kuno manda atha."

"Manda ati?"

"Adzukulu analawirira mbandakucha. Akuti asilikali sachedwa, akafika safuna kudikira munthu wamba, ndiye akumbiretu. Amaliza, pafupi ndi agogo pompaja."

"Tobiyasi, sunawauze?"

Anati anayesa, koma atafika pakhomo anapeza amayi akuuza azimayi anzawo za mfuti zija, nkhope yawo itawala koyamba chimwalirireni amalume, ndiye anangobwerera osawauza. Anthu anali atabwereka kale mipando kutchalitchi yoti mabwana a asilikali adzakhalire. Ufa panalibe amene anasonkha, poti chakudya chibwera ndi boma.

Ndinamutukwana Tobiyasi mawu oti sindingawalembe pano, Mulungu andikhululukire. A Makwinja sankamvetsa chomwe chandipsetsa mtima chonchi, ndiye ndinawafotokozera. Kwathu manda akakumbidwa sagona apululu. Dzuwa likalowa mtembo usanafike, adzukulu amadula thunthu la nthochi, amaliika m'dzenjemo n'kukwirira, chifukwa amati dzenje logona kukamwa limaitana munthu wina. Likakwiriridwa, lakwiriridwa, palibe amalifukulanso. Malo amodzi aja pafupi ndi agogo akanagonamo nthochi, ndipo amalume akanakaikidwa kumapeto kwa manda, kufupi ndi msewu wa ngolo.

A Makwinja anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayera, dzuwa likukwera. Anagogoda padenga la kutsogolo n'kuuza Lakisoni kuti aponde.

Anapondadi, mwana wa eni, mpaka bokosi linkadumpha m'mabampu ife titalikumbatira uku ndi uku. Koma titafika pa Ntcheu muvi wa dizilo unali utagona. Pamalo omwetsera mafuta panali mzere wa magalimoto wautali mpaka kuseri kwa msika, madalaivala ena atayala makatoni pansi pa malole awo, akuti agona pomwepo masiku awiri. Anyamata a zigubu anatizungulira nthawi yomweyo, mtengo wawo wowirikiza. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinayang'ana zomwe zatsala, ndinamanganso.

Kudikira kwa pa Ntcheu sindidzakuiwala. Dzuwa linafika pamutu tili pomwepo. Mzere ukasuntha, unkasuntha kutalika kwa galimoto imodzi, kenako zii. Mtsikana wogulitsa mazira owiritsa anabwera katatu konse, kachitatu anangondipatsa limodzi osafuna ndalama, ine n'kulephera kulimeza. Ndinkangoyang'ana mthunzi wa lole ukufupika, kenako ukuyamba kutalikira mbali ina.

Ndinangoona a Makwinja atsika, akonza malaya awo, avula kapu n'kuigwira pachifuwa. Anayamba galimoto ya patsogolo pathu, kugogoda pawindo, kuwerama, kuloza masamba a pa lole. Anapita ina, kenako ina, bambo wa imvi kupepesa ana oti akanakhala zidzukulu zake. Ambiri ankangogwedeza mutu n'kukhotetsa galimoto kuti tidutse. Wa minibasi wina anakana, akuti aliyense pano ali ndi mavuto ake, koma okwera ake omwe anamukalipira mpaka anasuntha. Titafika papampu anatithira wochepa, poti ankagawa mofanana kwa aliyense. Lakisoni anapereka zonse zomwe anali nazo, nanenso ndinakhuthula mfundo ija. Anati mwina atifikitsa ku Nsaru, mwina ayi.

Pa Lizulu tinaima kuti Lakisoni ayesenso mwayi wa matola. Panali azimayi atatu ndi matumba a kachewere ndi kabichi, opita kumsika wa m'tauni. Awiri ataona bokosi anabwerera, koma wachitatu, mayi wonenepa wa duku lofiira, anawakalipira.

"Mukuopa chiyani? Nonsenu simudzakwera yotereyi? Kwezani matumbawo, anthuwa akuchedwa."

Anakweza. Matumba a kachewere anawasanja mbali zonse za bokosi, ndipo kunena zoona kuyambira pamenepo linasiya kudumpha. Mumtima ndinkamva kuwawa kuona a Sajeni, amene ankayembekeza kuperekezedwa ndi mizere ya asilikali, ali pakati pa mbatata ndi kabichi. Mayi wa duku uja anafunsa kuti malemuwa ndani, ndinamufotokozera zonse, za ofesi, za manda, za nthochi. Iye anangoyambitsa nyimbo ya maliro, anzake n'kulandira, ndipo anaimba kudutsa mphepo yozizira ya ku Dedza, milomo itauma, mpaka ine amene ndinkati misozi yatha ndinayambiranso.

Titawoloka Linthipe, nditangomaliza kuwauza amalume, tinamva phuu! Lole inayamba kukokera kumanzere. Tayala la kumbuyo linali litaphulika. Lakisoni anali ndi lapadera, koma jeke wake anali wotha, amati akapopa, lole n'kutsikanso pang'onopang'ono. Anachita kutsitsa matumba onse kuti ipepuke, n'kusanja miyala pansi. Bokosi lokha a Makwinja anakana kuti litsike. Anati munthu amene ali paulendo wopita kwawo samugoneka m'mbali mwa msewu. Anthu a panjinga ankatsika akafika pafupi nafe, n'kudutsa akukankha, amuna atavula zipewa.

Tili pomwepo Tobiyasi anaimbanso. Anati adzukulu akwiya. Chikumbireni m'mawa sanalawe kanthu, chakudya cha boma chija sichikuoneka, ndipo mkulu wawo watuma kale anyamata kukadula nthochi kudimba. Ndinamuuza kuti akawagwadire, awauze kuti tili pa Linthipe. Anati wawauza, koma akuti galimoto ya asilikali singaphulike tayala, ndiye pali chomwe tikubisa.

"Auze zoona, Tobiyasi! Auze kuti ndi lole ya a Saidi!"

Sindikudziwa ngati anamva, chifukwa foni yanga inazima pomwepo, moto utatha.

Azimayi aja anatsikira pa Lilongwe tisanalowe m'kati mwa tauni. Analipira Lakisoni ya matumba awo, kenako mayi wa duku anandifumbatitsa kena kake m'manja, anzake aja nawonso. "Chipepeso," anatero. "Mukafike dzuwa lisanalowe." Dzina lake sindinamufunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

M'tauni munali mothinana ngati masiku onse, magalimoto akuyenda ngati akukankhidwa. Lakisoni, yemwe uja wofuna kuchotsa masamba, anatulutsa mutu pawindo akukuwa kuti, "Maliro! Tipatseni njira, maliro!" Tinapeza msewu wa ku Mchinji, tinakhota kulowera kwathu, dzuwa lili kutsogolo kwathu, likutsika tikuliona. Ine ndinkangoliyeza ndi dzanja, kuti latsala zala zingati kuti likhudze mitengo.

Lole inayamba kutsokomola nyumba zoyamba za pa Nsaru zikuoneka. Inatsokomola kawiri, katatu, n'kuzima. Inayenda yokha pang'ono potsetsereka, n'kuima pafupi ndi pomwe ndimayala kaunjika wanga. Ndinaseka, anthu inu, kuseka kwa misala, poti nanga ndikanatani? Anzanga a pamsika anathamangira kudzaona, ena akulira, ndipo wina anakaitana a Saidi. Anabwera akuthamanga, mkanjo ukuuluka, atangotuluka mumzikiti. Lakisoni anayamba kufotokoza za matola omwe sanapezeke, koma iwo anamudula.

"Zimenezo mawa. Manda akumba kale?"

Ndinati akumba, ndipo nthochi adula.

"Ife kwathu maliro sitigoneka, ndiye ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu." Anatembenukira anyamata awo. "Zimitsani chigayo, mubweretse dizilo yense ali mmenemo."

Azimayi amene anali pamzere wa chigayo ndi matumba awo a chimanga sanadandaule ndi mmodzi yemwe. Anyamata anabwera ndi chigubu, Lakisoni anathira, anapopa, injini inakana, inakananso, kenako inavomera. Ndinafuna kuwapatsa a Saidi chipepeso cha azimayi aja, koma anabweza dzanja langa n'kuti ndikagulire anthu mchere.

Msewu wafumbi wopita kwathu ndimaudziwa ngati chikhatho changa, koma tsiku limenelo unatalika. Pakamtsinje kathu komaliza ndinati, "Amalume, tafika, uku ndi kwanu." Dzuwa linali litafiira, lakhala pamwamba pa mitengo ya kumanda.

Anthu anali atandanda mbali zonse za njira, ana a sukulu kutsogolo. Atamva kulira kwa injini anayamba kusuntha, ena kukonza malaya. Kenako lole inatulukira pakona, ndipo kunagwa chete woti ndinamva mwana wina akufunsa amake kuti, "Si ya a Saidi iyi?" Pabwalo panali mipando ya kutchalitchi ija itasanjidwa bwinobwino pamthunzi, yopanda munthu. Ndinatsika fumbi lili thupi lonse, osayang'ana munthu kumaso.

Amayi anabwera atagwira phewa la Tobiyasi. Anapapasa bokosi pamwamba pa ziguduli, anaweramira pomwepo kanthawi. Atadzuka anaona mthunzi wa a Makwinja utaima chilili pambali, anatambasula dzanja n'kukhudza mabatani a yunifolomu ija.

"Mwabwera angati, bambo?"

A Makwinja anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndabwera ndekha, mayi."

"Zikomo. Mwachita bwino kumuperekeza."

Nthawi yogoneka maliro m'nyumba panalibe. Bokosi linangolowa pakhomo la amayi n'kutulukanso, akuluakulu akung'ung'udza, abusa akufupikitsa pemphero. Titafika kumanda ndinaona thunthu la nthochi lili gone pambali pa dzenje, lodulidwa bwino mbali zonse, madzi ake akudontha. Dzenjelo linali lalikulu kwambiri, poti adzukulu anayeza bokosi la boma, moti la paini lathu litatsikira linkaoneka ngati la mwana. Koma linatsikira pamalo pake, agogo kudzanja lamanja, chulu kumanzere. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti adzukulu, amene ndinkayembekeza kuti atilandira ndi mkwiyo, anali ofatsa, milomo ili noninoni.

Asanayambe kukwirira, a Makwinja anapempha kamphindi. Anaima kumutu kwa manda, anagunditsa zidendene, n'kukweza dzanja pachipumi. Saluti yawo inali ya ulonda, ya pageti, yomwe amachitira mabwana olowa ndi galimoto. Anaima choncho osagwedezeka, misozi ikutsikira m'makwinya, mpaka dothi loyamba linagwa pabokosi. Mfuti sinalire. Kunkangomveka makasu ndi azimayi akulira, ndipo pomwe ankamaliza kuunda mtumbira n'kuti kukuyamba mdima.

M'mawa mwake, anthu atayamba kubalalika, ndinapita kuseri kwa nyumba kukasamba m'maso. Khola la mbuzi linali lotsegula. Amayi anali ndi mbuzi imodzi yokha, yaikazi, yokalamba, imene anakana kuigulitsa ngakhale chaka cha njala, ngakhale pamene tinkafuna ndalama yokawaonetsa maso kuchipatala. Chikopa chake chinali chitakhomedwa pansi ndi zikhomo kuti chiume.

Ndinawapeza atakhala pamphasa, akuwotha dzuwa.

"Amayi, mbuzi ija?"

"Adzukulu anali ndi njala," anatero. "Nthochi itafika ndinawaitana, ndinati simungakwirire dzenje la mlongo wanga muli ndi njala, iphani mbuziyo mudye kaye. Ndiye ndinawauza azimayi kuti aphike ndi nkhuni zaziwisi, asafulumire. Nyama yake ndi yolimba, inatenga nthawi. Munthu sanyamuka kukakwirira manda nyama ili pamoto."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinayamba kuti ndiwafotokozere za ofesi ija, za a Makwinja, kuti iwo si msilikali, koma anandigwira bondo.

"Usavutike. Ndalima fodya moyo wanga wonse, ungandibise fungo la chiguduli ine? Nditangoweramira pabokosi paja ndinadziwa kuti wabwera pa lole ya mabelo. Ndipo ndinadziwa kale masana, pamene dzuwa linapendeka kopanda galimoto. Mlongo wanga ankati asilikali sachedwa."

"Nanga bwanji munawathokoza a Makwinja ngati msilikali?"

"Ndinawathokoza ngati munthu amene wakhala kumbuyo kwa lole kuchokera ku Blantyre. Wadya kodi bamboyo? Umupatse mtedza apite nawo."

Nkhuku zinkatola nyenyeswa pomwe panali mipando ija. Ndinawauza kuti mpamba wanga wonse wapita, sindikudziwa kuti kumsika ndibwerera ndi chiyani, koma ndikadzangopeza kangachepe ndidzawagulira mbuzi ina.

"Ija ndinkasungira maliro anga," anatero amayi, akuyang'ana kumene kunali khola ngakhale sankaliona. "Ndinkati adzukulu anga asadzakumbe ndi njala, iwe usadzavutike. Ndi malo aja pafupi ndi amayi, ndinkati ndi anga, poti iye boma likamuika kwina kwa asilikali anzake. Koma wabwera, ndiye agone. Ine mudzandiike kumsewu wa ngolo kuja, sikutali."

Anapapasa pamphasa kufuna lichero lawo la mtedza, ndipo ndinawasunthira pafupi kuti alipeze.